Matenda a Eni m'Buku Langa

Mzimba Boma,
9 Ogasiti 2014.

Okondedwa Achimwene a Brave,

Kaya mukulikumbukira tsiku limene munandiperekeza kuchoka ku Manyamula kudzakwera basi kuno ku Boma, chaka cha 2002, inu mutabwera kumudzi pa tchuthi, ine ndikupita kukayamba ntchito ku Lilongwe? Sutikesi inali pa keliyala ya njinga, inu mukukankha, ine ndikutsatira pambuyo ndi nsapato zatsopano m'manja kuopa mchenga. Tisananyamuke, amama anatuluka ndi kabuku kanga ka kuchipatala kuti ndikaike m'thumba. Ine ndinakana. Ndinati kumene ndikupitako anthu amadwalira pa khadi, ndipo kampani ndiyo imalipira. Amama sanatsutse. Anangokapukuta pa chitenje n'kubwerera nako m'nyumba. Inu munaseka njira yonse, mukuti digiri yandichiritsa matenda onse ndisanadwale n'komwe.

Kabuku kaja ndiko kandilembetsa kalatayi. Muli masamba atatu m'menemo onena za munthu wodwala amene sakumwa mankhwala moyenera, ndipo ndatha milungu isanu ndikufufuza kuti munthuyo ndani. Pa foni sindikanatha kufotokoza. Mukudziwa kuti ine mayunitsi amatha ndikadali pa moni. N'chifukwa chake ndapempha a Zondwayo, a thiransipota amene amakutengerani ufa ndi nyemba ku Joniko, kuti anyamulenso mapepalawa. Mundilole ndiyambire kutali, monga mwa chizolowezi changa.

Ntchito ija itatha zaka ziwiri zapitazo, ndalama zimene anandipatsa ndinazigawa patatu. Ndinagula tinyumba tiwiri kuno timene tili pa lendi, ndinagula masheya, zotsala ndinaziika ku banki kuti zizibereka. Ndimadya zomwezo. Si zambiri, koma kwa munthu wosakwatira, wosamwa, amene chisangalalo chake ndi nyuzipepala ngakhale ya dzana, zimakwana. Anthu kuno sadziwa pondiika. A kabaza amandiitana kuti abwana, pamene amayi a pamsika amanditsitsira mtengo wa tomato pondimvera chisoni kuti ndine lova. Nthawi zina inenso sindidziwa ngati ndinachita mwanzeru, kapena ndinangoopa kukaimanso pa mzere wofunsira ntchito.

Chimene sindinachiganizire ndi khadi lija. Linafa tsiku lomwelo limene ntchito inatha. Zaka khumi ndinali nalo, ndipo ndinalitulutsa kawiri kokha, pa dzino ndi pa magalasi. Litangofa, thupi linayamba kundilankhula. Kakubaya kalikonse m'nthiti ndinkakatchera khutu ngati uthenga wa maliro pa wailesi. Ndiye mu Juni, mphunzitsi wina wopuma amene tayandikana naye anagulitsa nyumba yake kuti akachitidwe opaleshoni ku chipatala cholipira. Anachira, koma tsopano akuchita lendi m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba imene anamanga yekha. Ndikamuona akuyanika zovala ndimaona tinyumba tanga tiwiri tikumezedwa ndi nthenda imodzi. Ndinaganiza zofuna inshuwaransi ya zaumoyo yoti munthu azilipira payekha, yogwirizana ndi thumba langa.

Ndinapita ku Mzuzu katatu. Ku kampani yoyamba, bambo wa pa desiki anandifunsa kuti, "Mumagwira kuti?" Ndinati sindigwira. "Bizinesi?" Ndinati ayi, ndalama zanga ndizo zimagwira. Anayang'ana nsapato zanga kwa kanthawi, n'kunena kuti iwo amalemba anthu kudzera kwa mabwana awo, kuyambira anthu khumi. Kampani yachiwiri inali ndi pulani yokoma yokutumiza mpaka kunja kwa dziko, koma mtengo wake wa pamwezi unali lendi yathunthu ya nyumba imodzi. Yachitatu ndiyo inali ya msinkhu wanga. Kumeneko ndinapeza Mayi Christobel, amene anagwirapo unamwino zaka zambiri asanalowe za inshuwaransi. Anandionetsa pulani yotsika, ya zipatala za mishoni ndi mankhwala wamba, ndiponso yapakati, yofika ku zipatala zolipira za m'tauni. Ndinasankha yapakati, iwo n'kundipatsa fomu.

Pa fomupo panali funso lakuti ndilembe matenda onse amene ndinadwalapo. Munthu wina akanangolemba malungo n'kusaina. Ine ndinaopa kunama mosadziwa. Ndinakumbukira kuti ku Zomba ndili pasukulu ndinagonekedwapo masiku awiri, koma dzina la nthendayo linandithawa. Ndiye ndinapita kumudzi kukatenga kabuku kaja.

Ndinkayembekezera kuti amama akafukula pansi pa sutikesi. Ayi. Kanali pa msomali kuseri kwa chitseko, m'jumbo, pamodzi ndi pampu ya njinga. Ndipo sikanalinso kabuku, linali buku, lonenepa, masamba a m'kope atasokereredwa kumbuyo ndi ulusi wakuda. Ndinaona zimenezi, koma galimoto yobwerera ku Boma inali italiza kale hutala. Chimene chikundidabwitsa mpaka lero n'chakuti ine, amene ndimawerenga ngakhale zolembedwa pa paketi ya mchere, ndinakalipereka kwa Mayi Christobel osalitsegula.

Anavala magalasi, natsegula, nayamba kuwerenga. Kenaka anasuzumira pansi pa tebulo.

"Bambo Howard, tayendani pang'ono, mukafike pa chitseko apo."

Ndinayenda n'kubwerera.

"Mwendo wake uti umene unathyoka?"

"Sindinathyokepo mwendo, mayi."

"Apa akuti ngolo inakupondani mu 2005. Chaka chotsatira galu anakulumani. Mu 2008 chifuwa chachikulu, munamwa mankhwala mpaka kumaliza, mwachita bwino. Kenaka galu winanso." Anatembenuza tsamba. "Kodi agalu a kwanu munawalakwira chiyani?"

Ndinati mwina ndatenga buku la munthu wina. Ananditembenuzira chikuto. Panali dzina langa, lolembedwa ndi dzanja langa, ndi mzere wokhota umene ndinkakonda kuika pansi pa siginecha masiku amenewo.

"Mabuku a banja lonse ndawaonapo," anatero. "Koma ili ndi la mudzi."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Atafika pa masamba atatu omaliza, kuseka kunatha. Anati za agalu ndi ngolo sizikhudza kampani, koma masamba amenewo akunena kuti ndili ndi matenda a shuga. Munthu wa shuga amamulemba ndithu, koma chilichonse chokhudza shugayo kampani siilipira mpaka patatha zaka ziwiri. Anandiuza kuti ndikayezetse, ndibwere ndi zotsatira.

Kuyezetsako sikunavute. Ndinapita m'mawa osadya kanthu, ananditenga magazi, ndipo shuga wanga ali bwinobwino. Nkhani yanga ikanathera pomwepo. Koma polandira pepalalo, Mayi Christobel anagogoda buku lija ndi chala.

"Inu mwapulumuka. Nanga mwini wake wa masambawa? Taonani. Amabwera kamodzi pachaka, amatenga mankhwala a mwezi umodzi, n'kusowa. Nthawi zonse zitatu adokotala alemba kuti abwerenso mwezi wamawa. Shuga si malungo oti ukamaliza mapiritsi wachira. Akapitiriza chonchi, ziyambira m'maso kapena kumapazi."

Loweruka lake ndinabwerera ku Manyamula, buku lili m'thumba. Amama sanaone cholakwa chilichonse.

"Iwe unalisiya. Mbwenu, ndiye lizingokhala? Lili ndi chidindo cha ku Zomba pa tsamba loyamba. Adokotala akachiona amakupatsa mpando, amakufunsa bwinobwino."

Ndinafunsa ngati adokotalawo sankadabwa kuona Howard wina lero, Howard wina mawa.

"Amasinthasintha. Ndipo mzere umafika mpaka kumsewu, ayang'ane nkhope ya ndani?"

Mbiri inamveka kuti ndabwera kudzawerenga buku, ndipo anthu anayamba kufika okha. Asibweni a Honest, achimwene awo a amama, anakhala pa khonde n'kupinda thalauza kundionetsa chipsera.

"Mwendowo ngwanga. Galu woyamba ngwanganso. Wachiwiriyo nkhumanya yayi, sindikudziwa, mukafunse wa pa chigayo."

Chifuwa chinali cha mwana wawo wamkulu, amene anachira ndipo tsopano akucheka matabwa ku Chikangawa. Aliyense ankalandira nthenda yake mosangalala, ngati akugawana nyama ya pa ukwati. Ndivomere kuti inenso zinkandikoma. Ndinali ndi pensulo, ndikulemba dzina pambali pa tsamba lililonse, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ku ntchito ndinamva ngati ndikugwira kanthu. Koma nditawerenga za shuga, palibe anatukula mkono.

"Amenewo ndi matenda a anthu a ndalama," anatero asibweni. "Ife shuga tim'tenge kuti? Tiyi timamuona pa Khirisimasi."

Onse anaseka. Amama anadzuka, nati akukaona mbuzi. Mbuzizo zinali zitagona pa mthunzi patsogolo pathu pomwepo.

Nditabwerera ku Boma ndinakhala ndi masamba atatuwo masiku angapo. Zolemba za adokotala sindizitha, koma manambala ndiwo ntchito yanga. Pamwamba pa tsamba lililonse pali tsiku ndi kulemera kwa wodwala. Pa 28 Disembala 2011, makilo 84. Pa 3 Januwale 2013, makilo 77. Pa 30 Disembala 2013, makilo 69. Ine chibadwire sindinapitirirepo 58. Ndinayenda m'maganizo khomo ndi khomo kumudzi kwathu, ndikuyeza amuna onse, ndipo sindinapeze ndi mmodzi yemwe wa makilo 84 mwezi wa Disembala, nkhokwe zitapepuka, anthu ali pa khasu. Anthu a thupi lotere amafika kwathu pa galimoto zokoka ngolo ya katundu, Khirisimasi itayandikira, n'kubwerera mu Januwale. Ndipo pa anthu odziwa msomali wa kuseri kwa chitseko cha amama, amene amabwera choncho ndi mmodzi.

Achimwene, ndinayesetsa kuti ndipeze wina. Ndinadziuza kuti sikelo za kumudzi zimanama, kuti mwina mlendo wina anapempha buku. Koma ndinayamba kukumbukira Khirisimasi yapitayi. Munabowola lamba wanu ndi msomali, mabowo awiri. Munkayenda ndi chigubu cha madzi paliponse, ndipo pa mapemphero munatuluka katatu. Tonse tinati ndi ntchito ya m'minda ya maluwa ya eni ake kumeneko, kuwerama tsiku lonse. Ine ndinakhala nanu pa benchi imodzi masana onse, ndikukufotokozerani mmene masheya amakwerera ndi kutsika. Munkangogwedeza mutu. Sindinakufunseni ngakhale kamodzi kuti mukupeza bwanji m'thupi.

Ndinapitanso kumudzi, ulendo uno kunyumba kwanu. Alamu a Doris ndinawapeza akutong'ola chimanga pabwalo. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinangowaonetsa kapepala ka manambala atatu aja ndi masiku ake. Anakayang'ana, napukuta manja pa chitenje.

"Mwachedwa, alamu. Ine ndinkati ophunzira mumawerenga msanga."

Anandifotokozera kuti mu 2011 munafika mukutopa msanga, kukhosi kukuuma, ndipo munaopa kuti ndi kachilombo, poti ndi zimene anthu amayamba kunong'ona munthu wa ku Joni akasintha pang'ono. Munatenga buku langa kuti zikakhala zoipa zisalembedwe pa dzina lanu. Adokotala atanena kuti ndi shuga, munabwera kunyumba mukuimba nyimbo ya kutchalitchi, ndipo munagula kireti ya zakumwa zotsekemera kuti banja lonse likondwere.

"Bambo ake Lucia amati ndi shuga chabe," anatero alamu. "Mapiritsi akatha, basi, mpaka Khirisimasi ina. Kumeneko kuchipatala sapita, akuti angawafunse mapepala. Ndikalankhula amati ndikufuna ana asiye sukulu. Mbwenu ndinatseka pakamwa."

"Amama akudziwa?"

"Nanga masambawo amasokerera ndani?"

Anandipempha kuti ndisakuuzeni kuti iwo alankhula. Ndaganiza nthawi yaitali, ndipo ndalephera kulemba kalatayi mozemba. Musawakalipire. Buku ndilo linayamba kunena, iwo anangovomereza, ndipo ananyamula zimenezi okha zaka zitatu.

Lolemba lapitali ndinali kwa Mayi Christobel kachinayi. Ndinawafunsa ngati ndingakuikeni pa inshuwaransi yanga. Anati pamenepo amalola mkazi ndi ana okha, mchimwene wamkulu amalowa payekha, pa dzina lake, atalemba zoona za matenda ake. Kenaka ndinafunsa funso limene ndikuchita nalo manyazi, koma ndilemba kuti mudziwe kuti inenso ndinafunafuna njira yachidule. Ndinati, poti buku likunena kale kuti wa shuga ndine, bwanji ndingovomera, mankhwala azituluka pa dzina langa, ine n'kumatumiza kwa mwini wake? Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Choyamba, umenewo ndi mlandu. Chachiwiri, mankhwala a shuga sapereka mwa mphekesera, amayenda ndi kuyeza munthu wake. Chachitatu, Bambo Howard, tsiku lina mudzakomoka pamsika ndi njala wamba, anthu adzatsegula buku, n'kukuchizani nthenda ya akulu anu. Banja lanu lasewera mokwana ndi dzina limodzi."

Anandipatsa fomu ina yosalemba, ndipo anandifotokozera mofatsa. Mukalowa, matenda ena onse amayamba kulipiridwa pakatha miyezi itatu. Za shuga zimadikira zaka ziwiri, koma zaka ziwirizo zimayamba kuwerengedwa tsiku limene mwasaina. Mwezi uliwonse umene fomu ikhale yosasaina, tsikulo likusunthira kutsogolo, pamene thupi silikudikira. Pa nthawi yodikirayo, anati, mankhwala mutha kumalandira ku chipatala cha boma mwezi ndi mwezi, bola munthu akhale pafupi ndipo azipita yekha.

Ndiye ndasintha maganizo pa pulani yapakati ija. Ndalembetsa yotsika, chifukwa anthu awiri pa yotsika ndi mtengo wongopitirira pang'ono munthu mmodzi pa yapakati. Zipatala za m'tauni ndinkazifunira ulemu chabe, ine amene nthenda yanga yaikulu ndi mantha. Za malipiro a mwezi ndi mwezi musaganize, zituluka pa lendi. Chimene sindingathe kukuchitirani ndi kusaina.

Pali china chimene ndiyenera kunena poyera. Inshuwaransi imeneyi imagwira ntchito kuno kokha, siwoloka malire. Ndiye mukuona kumene kalatayi ikulowera. Alendi a m'kanyumba kanga kena akutuluka mu Okutobala. Kali pafupi ndi chipatala, ulendo wa pansi, ndipo kumbuyo kwake kuli malo ndi mpopi. Masamba ambiri a pamsika pano amachokera kutali, ndipo anthu a m'maofesi ayamba kufuna maluwa ndi kapinga pa nyumba zawo, koma wodziwa kusamala palibe. Inu mwasamala minda ya eni zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kaya zingakwane kudyetsa banja ndi kulipira sukulu ya Lucia, sindikudziwa. Ndawerengera kanayi. Kawiri zinakwana, kawiri sizinakwane. Mwina ndikulankhula ngati munthu amene sanagulepo yunifolomu ya mwana, ndipo mukatero sinditsutsa. Inu ndinu wamkulu, ndipo munapita kumeneko ine ndili pasukulu kuti ndisasowe sopo. Sindinazolowere kukuuzani chochita.

Ngati kubwera msanga sikutheka, sainani basi kuti masiku ayambe kuyenda. Pa funso la matenda mulembe shuga, ndi chaka chimene anakupezani naye. Ndipo musadikire Khirisimasi kuti muyezetse. A Zondwayo akuti akudziwa kachipatala kena ka mpingo kufupi ndi kumene amatsitsira katundu, kumene anthu akwathu amapita popanda kufunsidwa zambiri. Sindinawauze chifukwa chake ndinafunsa. Ndinati ndi za munthu wina wa kumudzi, ndipo iwo sanafunsenso, anangoti akhoza kumuperekeza munthuyo Lamlungu.

Ngati ndalakwitsa, ngati makilo 69 aja ndi a munthu wina, mundiseke monga mumachitira, ndipo ndidzakondwa kusekedwa.

Kuno kukuzizirabe m'mawa, fumbi layamba. Asibweni a Honest akupereka moni, akuti jekete lija munawalonjeza likhale la matumba akuya. Lucia akukonzekera mayeso, masamu akumuvuta pang'ono, ndipo ndayamba kumapita Loweruka lililonse kukamuthandiza. Iye sakudziwa kanthu. Amama nditawauza kuti ndikukulemberani, anati ndikuuzeni kuti buku analitenga mwini wake, pa msomali paja palibenso chobwereka. Anawonjeza kuti dzina lanu anakupatsani ndi iwo, ndipo silinawachititsepo manyazi. Alamu a Doris anandiperekeza mpaka pa msewu. Kabaza ataima, anati firiji imene mukusungira ndalama ija musatumize. Akuti malo amene ikanakhala m'galimoto mukhalemo inu.

A Zondwayo amaliza kumanga katundu, ndipo akundiyang'ana pa windo la galimoto. Ndapinda mapepalawa pamodzi ndi fomu, malo osaina ndachongapo ndi pensulo. Ndikuwapatsa m'manja tsopano, ndipo alonjeza kuti sakasiya kwa munthu wina koma inu nokha.

Ine mng'ono wanu,
Howard.